Mbalame ikathawa, kapena chithunzi chikatuluka mbuu

Amene ayamba kujambula zachilengedwe amadandaula chinthu chimodzimodzi. Pa kasikirini ka kamera chithunzi chimaoneka chabwino, koma akachikulitsa pa kompyuta, mbalame ija ili mbuu, diso silikudziwika pamene lili, nthenga zonse zasanduka chimbuuzi. Tsiku lina sipakhala n'choti n'kukulitsa chomwe: pachithunzi pamangotsala nthambi yopanda kanthu ndi kansonga ka mchira pakona. Zikachitika kangapo, munthu amagamula kuti kamera yake ndi yachabechabe, n'kuyamba kusirira lenzi yaitali ya anzake. Lenzi yabwino imathandiza, sindikukana. Koma mwa mavuto amene ndifotokoze pano, otha ndi kugula chinthu ndi ochepa kwambiri. Ena amatha ndi kutembenuza kabatani kamodzi, ndipo lalikulu pa onse limatha pokhapokha munthu akaidziwa nyama imene akufuna kuijambula.

Musafufute chithunzi choipacho, chifukwa ndicho chikuuzeni chimene chalakwika. Chikulitseni mpaka pa 100%, ndipo mutsegulenso pamene pamalembedwa mbiri yake. Kamera iliyonse, ngakhale ya foni, imasunga manambala atatu pa chithunzi chilichonse: liwiro la shutter (kachitseko kamene kamatseguka kwa kamphindi kuti kuwala kulowe), kukula kwa kabowo kolowera kuwala kamene kamalembedwa ndi f, ndi ISO (nambala imene mukaikweza chithunzi chimawala ngakhale kuwala kuli kochepa). Kenako dzifunseni funso limodzi: kodi pachithunzi chonsechi pali penapake pamene pakuoneka bwino?

Palibe pamene pakuoneka bwino

Ngati mbalame, nthambi ndi masamba zonse zafufutika mofanana, ndipo m'mphepete mwa chinthu chilichonse mukuoneka mizere iwiri, manja anu ndi amene anagwedezeka. Lenzi yaitali imakokera mbalame pafupi, koma imakulitsanso kunjenjemera kwa manja pa mlingo womwewo. Lamulo lakale la ojambula likadali lothandiza: nambala ya liwiro la shutter isachepe poyerekeza ndi kutalika kwa lenzi. Lenzi ya 300mm imafuna 1/300 ya sekondi kapena kufulumira kuposa apo. Makamera ambiri amene anthu amayambira ali ndi sensa (kachipangizo ka m'kati mwa kamera kamene kamalandira chithunzi) yaing'ono yotchedwa APS-C, imene imachititsa lenzi kukhala ngati yatalika ka 1.5, kapena ka 1.6 ngati ndi ya Canon. Pamenepo 300mm ija yasanduka 450mm, choncho musatsike pansi pa 1/500. Pa makamera a Micro Four Thirds, amene sensa yake ndi yaing'ono kuposa apo, muziwirikiza kawiri kutalika kwa lenziyo.

Kagwiridwe nakonso n'kofunika kuposa mmene anthu amaganizira. Dzanja lamanzere lichirikize lenzi chapansi, zigongono zikanikize nthiti, kamera itsamire pankhope. Kutambasula manja n'kumayang'ana pa sikirini ndiko kumawononga zithunzi zambiri. Pakakhala mtengo kapena mwala, tsamiranipo, ndipo mukakhala pansi ikani chigongono pa bondo. Batani musamalibaye, muzilikanikiza pang'onopang'ono mukangomaliza kutulutsa mpweya. Ngati muli m'galimoto zimitsani injini, chifukwa kunjenjemera kwake kumadutsa m'chitseko mpaka kukafika pa lenzi. A foni yesani kujambula ndi batani lokwezera mawu, kapena itsamiritseni penapake n'kuitchera kuti ijambule yokha pakapita masekondi angapo.

Malenzi ambiri ali ndi chochepetsa kugwedezeka, chimene a Canon amachitcha IS, a Nikon VR, a Sony OSS. Onetsetsani kuti n'choyatsa, popeza kabatani kake kamatha kusuntha m'chikwama inu osadziwa. Koma chimangokhazika manja anu. Mbalame sichiikhazika.

Nthambi ili bwino, mbalame yokha ndiyo yafufutika

Apa manja anu sanalakwe, mbalame ndiyo inasuntha. Timbalame ting'onoting'ono sitikhala phee ngakhale titatera. Mutu umatembenuka mwadzidzidzi, mchira umagwedera, ndipo zonsezi zimachitika mofulumira kuposa mmene diso lathu limaonera. Kwa mbalame yotera, 1/500 ndiye poyambira, ndipo 1/1000 ndi pabwino ngati kuwala kulipo. Yaikulu youluka mwachifatse ngati kakowa imafuna cha m'ma 1/1600 kapena 1/2000. Namzeze, amene amakhotakhota mumlengalenga pothamangitsa tizilombo, amafuna 1/3200 kapena kupitirira.

Kufulumizitsa shutter kumadya kuwala. Mukachoka pa 1/500 kupita pa 1/1000, kuwala kolowa kumachepa ndi theka, ndiye muyenera kukupeza kwina. Tsegulani kabowo mpaka pothera, f/5.6 kapena f/6.3 pa malenzi ambiri aatali, kenako kwezani ISO. Apa ndi pamene ambiri amazengereza, chifukwa anamva kuti ISO yokwera imabweretsa timadontho pachithunzi. N'zoona imabweretsa. Koma timadontho timachotseka ndi mapulogalamu a masiku ano, pamene phiko lofufutika silibwerera. Ine ndingasankhe chithunzi cha ISO 3200 chimene diso la mbalame likuoneka, kusiyana ndi cha ISO 200 chosalala bwino koma chopanda diso. Njira yosavuta ndi kuika kamera pa M (pamene mumasankha nokha manambala), kusankha liwiro ndi kabowo, ISO n'kuisiya pa Auto izisintha yokha. Mukatero maganizo anu amachoka pa mabatani n'kubwerera kwa mbalame.

M'nkhalango yowirira, kumene kuwala sikukwana ngakhale mutakweza ISO, yambani mwaiyang'anitsitsa mbalameyo. Pafupifupi iliyonse imakhala ndi kamphindi koima njo pakati pa kudumpha ndi kudumpha, makamaka ikamamvetsera. Jambulani zithunzi zingapo motsatizana pa kamphindi kameneko, ngakhale pa 1/200. Zambiri ziwonongeka, koma chimodzi kapena ziwiri zituluka bwino.

Tsamba la kumbuyo ndilo laoneka bwino

Chimbuuzi chachitatu n'chosavuta kuchizindikira. Mbalame yafewa ponseponse popanda mizere yokokeka, koma tsamba la kumbuyo kwake likuoneka ndi mitsempha yomwe. Kamera inaika focus, ndiye kuti malo amene yasankha kuti aoneke bwino, pa chinthu china. Mukaisiya kuti izisankha yokha, imakonda chinthu chapafupi kapena choonekera kwambiri, ndipo m'tchire chinthu chimenecho kawirikawiri chimakhala nthambi. Sankhani kadontho kamodzi ka focus n'kukaika pa diso. Ngati nyama ikuyenda, kamera ikhale pa AF-C, imene pa Canon imatchedwa Servo, kuti izitsatira mosalekeza. AF-S imagwira kamodzi n'kusiya, moti mbalame ikangosuntha pang'ono, mwaphonya.

Pang'onopo ndi pang'onodi. Ndi lenzi ya 400mm pa f/5.6, mbalame ili pa mamita 5, malo ooneka bwino kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo ndi pafupifupi masentimita 5 okha. Focus ikagwera pa phiko la kufupi ndi inu, diso latuluka kale m'malo amenewo.

Makamera atsopano amatha kulipeza okha diso la nyama. A Sony anabweretsa zimenezi mu 2019, ndipo Canon EOS R5 ya mu 2020 inkazindikira ndi maso a mbalame omwe. Poyera zimagwira ntchito bwino, koma m'ziyangoyango zimasokonekerabe. Lenzi ikayamba kupita uku ndi uku osagwira, ilozetseni pa thunthu la mtengo limene lili pa mtunda wofanana ndi mbalameyo, igwire pamenepo, kenako mubwerere. Pa foni, kanikizani chala pa sikirini pamene pali nyamayo kwa kanthawi mpaka focus itakhoma.

Pali chimbuuzi china chimene palibe batani lingachithetse. Dzuwa likatentha, mpweya wa pamwamba pa nthaka, mchenga kapena msewu umakwera ukusakanikirana ndi wozizirirapo, ndipo kuwala kodutsamo kumapindika. Ndi kunyezimira kuja timakuona patali masana. Lenzi yaitali imakusonkhanitsa konse, chithunzi n'kutuluka ngati chajambulidwa pansi pa madzi. Mankhwala ake ndi awiri okha: kujambula m'mamawa nthaka isanatenthe, kapena kuyandikira. Mpweya wotentha wochokera pa injini ya galimoto umachitanso chimodzimodzi, ndipo galasi la zenera nalo limafewetsa chithunzi.

Ngati mukukayikirabe chida chanu, chiyeseni musanachiweruze. Matani tsamba la nyuzi pakhoma panja, khazikani kamera pa tripod (choimikira kamera cha miyendo itatu) kapena patebulo mamita angapo kuchokera pakhomapo, n'kuitchera kuti ijambule yokha osaigwira. Zilembo zikatuluka zowerengeka bwino, lenzi ilibe mlandu. Zikatuluka mbuu, chotsani fyuluta (kagalasi kowonjezera ka kutsogolo kwa lenzi) ngati ilipo, pukutani galasi, yesaninso. Zikakanikabe, apo ndiye pitani nayo kwa okonza.

Mbalame yachepa pachithunzi, ndipo mukasendera ikuthawa

Zonse zapamwambazi munthu angazidziwe msanga. Chimene chimatsalira, chimenenso chimabisala kumbuyo kwa zithunzi zambiri zoipa, ndi mtunda. Tiyeni tiwerengere. Kambalame kotalika masentimita 15 kali pa mamita 20. Ndi lenzi ya 400mm, chithunzi chake pa sensa chimakhala mamilimita 3 okha, pamene sensa yaikulu ndi ya mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi. Pa lenzi ya nthawi zonse ya foni, kambalame komweko kamatenga mapikiselo (timadontho timene timapanga chithunzi) ongopitirira 20 mwa 4000 a m'litali mwa chithunzi. Pa foni yopanda lenzi ina yokokera patali, kutambasula zala pa sikirini sikuwonjezera kanthu. Foni imangodula pakati n'kukulitsa mapikiselo omwewo, kenako n'kusalaza kuti asaonekere, ndipo nthenga zimathera pomwepo. Tsono taonani ichi: mukachepetsa mtunda ndi theka, mbalame imakula kawiri pachithunzi, chimodzimodzi ndi kuwirikiza kawiri kutalika kwa lenzi. Lenzi ya 200mm pa mamita 10 imapereka mbalame yofanana kukula ndi ya 400mm pa mamita 20, ndipo mpweya wosokoneza pakati panu wachepa ndi theka.

Kungoti nyama ili ndi malire ake. Katswiri wa zinyama wa ku Switzerland, Heini Hediger, analemba za izi mu 1934: nyama ya kutchire ili ndi mtunda umene imalolera kuti chinthu choopsa chifike, ndipo chikadutsa pamenepo imathawa. Mtundawo umasiyanasiyana. Mbalame zazikulu zimathawira patali kuposa zazing'ono, za m'tauni zimalola kuziyandikira kuposa zinzake za mtundu womwewo za kutchire, ndipo kumene nyama zimasakidwa zimathawa munthu akadali kutali. Koma umasinthanso malinga ndi mayendedwe anu, ndipo apa mpamene mungachitepo kanthu.

Chilombo chikafuna kugwira nyama chimaiyang'anitsitsa, chimalunjika pa iyo, chimanyang'ama. Wojambula watsopano amachita zitatu zonsezi, n'kuwonjezerapo kutukula mwadzidzidzi chinthu chakuda chokhala ndi diso lalikulu lagalasi. Mbalame singasiyanitse. Kuizembera kumbuyo nako sikuthandiza: maso a mbalame zambiri ali m'mbali mwa mutu, ndipo njiwa imaona madigiri oposa 300 mozungulira osatembenuka. Inakuonani kalekale. Chimene ikufuna kudziwa n'chakuti mwadzera iyoyo kapena mukungodutsa.

Choncho khalani wongodutsa. Yendani cholambalala, maso ali pansi kapena kumbali. Sunthani pamene yaweramira kudya kapena ikukonza nthenga zake, ndipo ikadzutsa mutu, imani. Kamera ikhale kale pafupi ndi nkhope kuti musadzaitukule kuchokera m'chiuno. Zimitsani kulira kwa focus, ndipo ngati kamera ili ndi shutter yopanda phokoso, igwiritseni ntchito. Zovala zosawala zimathandiza, koma kugwedeza dzanja kumaiopsa kuposa mtundu wa malaya.

Mbalame imachenjeza isanathawe, kungoti ambiri sitimva. Imasiya kudya. Khosi limatalika, nthenga zimamatirira thupi mpaka imaoneka yowonda. Imakuyang'anani ndi diso limodzi, n'kutembenuza mutu kuti ikuoneni ndi linalo. Kenako imatembenukira kochokera mphepo, kupinda miyendo pang'ono, ndipo nthawi zambiri imachita chimbudzi. Ikafika apo, yatsala pang'ono kunyamuka. Mukaona chizindikiro choyamba, imani. Mukaona chachiwiri, bwererani m'mbuyo pang'ono n'kuyang'ana kumbali. Nthenga zikafufumanso, ikayambanso kujompha, yakulolani. Kwa ine palibe chokoma pa ntchito yonseyi choposa kamphindi kameneko, pamene nyama ya kutchire yakuyezani n'kugamula kuti ipitiriza zake inu muli pomwepo.

Komabe njira yabwino koposa ndi kudikira kuti zibwere zokha. Mukalowa m'tchire, phokoso la mbalame limasintha. Imodzi imalira mochenjeza, za mitundu ina zimamva chenjezolo, ndipo malo onse amangoti zii. Munthu woyendayenda, kulikonse kumene wafika kumangoti zii, ndiye amabwerako akunena kuti kulibe mbalame. Khalani pansi, msana utatsamira mtengo kuti thupi lanu lisaonekere palokha, ndipo musasunthe kwa mphindi 20 kapena 30. Pang'onopang'ono zimayambiranso, ndipo zina zimatera pafupi kuposa pamene mukanafika mukanazitsatira. Kukhala pansi kumakonzanso chithunzi chenichenicho. Woimirira amajambula msana wa mbalame ndi dothi, koma lenzi ikatsika kufika pa msinkhu wa diso lake, za kumbuyo zimakhala patali n'kufewa, mbalame n'kuonekera yokha, ndipo woona chithunzicho amayang'anizana nayo maso ndi maso.

Posankha pokhala, ganizirani za nyamayo. Imamwera kuti? Ndi mtengo uti uli ndi zipatso kapena maluwa sabata ino? Ndi nthambi iti ili ndi zitosi zoyera pansi pake? Mbalame zogwira tizilombo mumlengalenga ndi zogwira nsomba zimakonda kubwerera pa nthambi yomweyo mobwerezabwereza. Mukaidziwa nthambiyo, ikanipo focus n'kudikira. Dzuwa likhale kumbuyo kwanu. Mbalame zimanyamuka ndi kutera zitayang'ana kochokera mphepo, ndiye mphepo nayo ikakhala kumbuyo kwanu zimatera zitakuyang'anani. Koma kwa gwape, mbawala ndi nyama zina zodalira mphuno, tembenuzani: mphepo izikuombani kumaso, apo ayi fungo lanu likafika inu musanafike.

Kubisala kumathandiza, ndipo ojambula anayamba kale kutero. Abale awiri a ku England, Richard ndi Cherry Kearton, cha m'ma 1900 ankalowa ndi kamera m'kati mwa chikopa cha ng'ombe chimene chinaumbidwa ngati ng'ombe yamoyo, lenzi itasuzumira pa kabowo. Inu simufunika kufika pamenepo. Galimoto yoima ndi pobisalira pabwino, chifukwa nyama zambiri siziiopa mmene zimaopera munthu woimirira, ndipo nsalu yosawala yofunda mutakhala pansi imakwanira. Choposa zonsezi ndi kubwera malo omwewo, nthawi yomweyo, mobwerezabwereza. Mbalame za pamalopo zimayamba kukuzolowerani, inunso mumayamba kuzidziwa imodziimodzi: iyi imafika poyamba, iyo imathamangitsa zinzake, inayo imadikira zonse zichoke.

Tizilombo, maluwa ndi foni

Amene muli ndi foni yokha, musalimbane ndi timbalame takutali. Mukhoza kugunditsa lenzi ya foni pa diso limodzi la magalasi oonera patali, ndipo zimatheka ndithu mukazolowera, koma mphamvu ya foni ili pa zinthu zimene zimalola kuzifika pafupi: tizilombo, maluwa, ndere, abuluzi. Pano vuto limatembenuka, mumayandikira mopitirira. Lenzi iliyonse ili ndi mtunda umene siingagwire focus mukaupyola, ndipo pa mafoni ambiri ndi cha m'ma masentimita 10 kapena kuposerapo. Chithunzi chikakana kuoneka bwino, bwererani pang'ono. Malo ooneka bwino nawo amachepa kwambiri: ndi lenzi ya macro, yojambulira tinthu ting'onoting'ono pafupi, kachilombo kakajambulidwa pa sensa mu ukulu wake weniweni, pa f/8 malowo ndi pafupifupi milimita imodzi. Imani moti phiko lonse la gulugufe liyang'anizane ndi lenzi, lisapendekeke, ndipo m'malo mopotokola focus muzisuntha thupi lanu kutsogolo ndi kumbuyo pang'onopang'ono. Mphepo ikamagwedeza udzu, dikirani kabata ka pakati pa kuomba ndi kuomba.

Kulawira kumathetsa zambiri. Agulugufe ndi atombolombo sauluka bwino thupi lisanafunde, choncho m'mamawa mumawapeza ali phee pa udzu, nthawi zina mame ali m'mapiko. Chenjerani ndi mthunzi wanu. Ukangodutsa pa kachilombo, kapita. Tombolombo akathawa musamuthamangitse. Yang'anani kamtengo kamene wachokapo, khalani pafupi nako, ikani focus pansonga pake. Amazungulira pamwamba pa madzi, amagwira kaudzudzu, ndipo kawirikawiri amabwerera pansonga pomwepo, n'kugwetsa mapiko pang'onopang'ono, mutu ukutembenukatembenuka, pakamwa pakutafunabe. Akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kwa wojambula amenewa ndi malangizo enieni. Mukagwedeza tsamba, nkhono imabwezera nyanga zake m'kati. Mukakhala duu, nyanga ziwiri zazitali zimatuluka pang'onopang'ono, ndipo pansonga pa iliyonse pali kadontho kakuda. Limenelo ndilo diso, focus yanu ikhale pamenepo.

Mavuto awiri ang'onoang'ono ndingowadutsa mwachidule. Mbalame ikatuluka bii kumwamba kuli mbee, kamera inayeza kuwala kwa thambo. Wonjezerani +1 kapena +2 pa batani la +/-. Kakowa akatuluka wangoti mbee wopanda nthenga, chepetsani ndi -1. Ndipo lenzi ikachita nthunzi mutangotuluka m'galimoto kapena m'chipinda chozizira kupita panja potentha ndi pachinyontho, kupukuta sikuthandiza, chifukwa nthunziyo imabwerera mpaka galasi litafunda. Muziika kamera m'chikwama chotseka musanatuluke, n'kuisiya ifunde kaye. Mukabwerako musaisunge yonyowa, popeza nkhungu imamera m'kati mwa lenzi n'kuwononga galasi.

Njira zachidule zimene zimapweteka nyama

Mtunda ukakana kuchepa, pamabwera mayesero. Chisa ndicho choyamba, chifukwa kholo limabwerera ngakhale likuopa. Koma mukakhala pafupi limachedwa kubwera, mazira amazizira kapena kupsa ndi dzuwa, ana amakhala ndi njala, ndipo kanjira kamene mwaponda mu udzu, kapena nthambi imene mwathyola kuti muone bwino, zimalozera akhwangwala ndi zilombo zina pamene pali chisa. Ku Britain, lamulo la Wildlife and Countryside Act la mu 1981 limaletsa kusokoneza mitundu ina ya mbalame pachisa popanda chilolezo, ndipo wojambula nayenso limamukhudza. Ngozi ilinso kwa inu. Eric Hosking, mmodzi mwa ojambula mbalame odziwika kwambiri a dzikolo, anataya diso mu 1937 atakalidwa ndi kadzidzi pafupi ndi chisa chake.

Chachiwiri ndi kuliza mawu a mbalame pa foni. Yamphongo imabweradi, koma imabwera ikuyesa kuti mdani walowa m'dera lake. Imasiya kudya ndi kudyetsa ana n'kumafunafuna mdani amene kulibe. Pamalo pamene pamabwera ojambula ambiri, zimenezi zimaichitikira tsiku lonse. Ine sindizifuna, ndipo sindingalimbikitse munthu kutero. Kwa nyama zazikulu, mtunda umatetezanso moyo wanu. Ku Yellowstone ku America lamulo ndi mamita 23 kuchokera pa nyama zambiri, ndi mamita 91 kuchokera pa zimbalangondo ndi mimbulu. Malo alionse otetezedwa ali ndi malamulo ake oyenera kuwafunsa, koma kulikonse, nyama ikasintha zimene imachita chifukwa cha inu, mwayandikira kwambiri.

Zithunzi zilipo, koma simukukumbukira chimene munaona

Vuto ili silioneka pa sikirini. Munthu amabwerako ndi zithunzi mazanamazana, koma mukamufunsa kuti mbalameyo inkadya chiyani, inkalira bwanji, inali yokha kapena ndi inzake, sakudziwa. Katswiri wa za maganizo Linda Henkel, wa pa Fairfield University, anafufuza zofanana ndi izi m'nyumba yoonetsera zinthu zaluso, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2014. Anthu ankakumbukira zochepa pa zinthu zimene anazijambula poyerekeza ndi zimene anangoziyang'ana. Koma pamene anauzidwa kuti akokere pafupi n'kujambula kambali kena ka chinthucho, kuiwalako sikunaoneke. Mmene ndikuonera, cholakwika ndi kudina batani m'malo moyang'ana.

Mukafika pamalo, kamera ikhale pamiyendo mphindi khumi zoyambirira. Musamaweramire pa sikirini mukangojambula chithunzi chilichonse. Onani kamodzi ngati kuwala kuli bwino, basi, chifukwa zambiri zimachitika mutu wanu uli pansi. Mukabwerako lembani mizere iwiri: nthawi, mtengo, kochokera mphepo, chimene nyamayo inkachita. Zolembazo ndi zimene zidzakuuzeni pokakhala ulendo wotsatira.

Zithunzi zosakongola nazo musazitaye zonse. Ngati mtundu wa nyama ukuzindikirika, masamba a pa intaneti monga iNaturalist, imene inayamba mu 2008, ndi eBird ya mbalame zokha, ya Cornell Lab of Ornithology, imene inayamba mu 2002, amalandira zithunzi zotere, ndipo akatswiri amazigwiritsa ntchito pofuna kudziwa kumene zamoyo zikupezeka. Kungoti mafoni ambiri amalemba malo enieni amene munaima m'kati mwa chithunzi chilichonse. Ngati mwajambula chisa, kadzidzi pamene amagona masana, duwa losowa, kapena nyama imene opha mozembera amaifuna monga ngaka ndi chipembere, chotsani malowo musanachitumize pa intaneti. Pa iNaturalist pali posankha kuti malowo abisike. Pa Facebook kapena WhatsApp musalembe dzina la malo ngakhale atakufunsani pagulu. Amene mukumudziwa bwino mukhoza kumuuza payekha.